Lancaster ya 1/72: kuyambira kutsegula bokosi mpaka utsi wa pa mapiko

Mlongoti72:
Akuluakulu, moni nonse. Pa tebulo pali bokosi la Airfix la kandege kapulasitiki komanga wekha ka Avro Lancaster, ndege yoponya mabomba ya ku Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sikelo ya 1/72 (kuchepa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni), lija la chikombole chatsopano cha 2013. Ndege za injini imodzi sizivuta, koma iyi injini ndi zinayi, magalasi ndi ambirimbiri, ndipo theka la ndege yonse ndi lakuda. Ndithandizeni pa zitatu: ntchito iyambire pati ndipo itsatane bwanji, chakudacho ndichipente motani kuti isaoneke ngati chidole cha mu shopu, ndiponso utsi wa pa mapiko umayenda bwanji. Airbrush, chida chopoperera penti ndi mphepo, ilipo, ya singano ya mamilimita 0.3.

aGama_Zomba:
Achimwene, musanadule kachidutswa ngakhale kamodzi pa chimango chomwe zidutswa zimabwera zitalumikizidwapo, sankhani kaye kuti mukumanga Lancaster iti, ya chaka chiti. Ndege zimenezi zinapangidwa 7,377, ndipo ya kumayambiriro kwa 1942 ndi ya mu 1945 n'zosiyana pa zinthu zooneka ndi maso. M'bokosimo zidutswa zina zili ziwiriziwiri. Mukamangotola chomwe chakukomerani, mutulutsa ndege yomwe sinakhaleko.

Pezani chithunzi cha ndege yeniyeniyo ndipo muone izi. Mapulopela: oyamba anali a masamba owonda osongoka, am'mbuyo anali otakata. Galasi la kumphuno, pomwe woponya mabomba ankagona chafufumimba: loyamba linali losaya, lam'mbuyo lotukuka kwambiri. Mawindo ang'onoang'ono a m'mbali mwa thunthu: ndege zoyamba zinali nawo, kenako ankawapaka penti, mapeto ake anasiya kuwaboola. Chotupa cha radar ya H2S pansi pa mimba chakumchira: zina zinali nacho, zina ayi.

Za B.I ndi B.III musavutike nazo. Kunja n'chimodzimodzi, kusiyana kwake n'koti B.III inali ndi injini za Merlin zopangidwa ndi Packard ku America. Yosiyana zenizeni ndi B.II, ya injini zozungulira za Bristol Hercules, koma imeneyo ndi bokosi lina.

Konzeraninso malo. Mapiko a ndege yeniyeni ndi mamita 31, ndiye pa 1/72 akukwana masentimita 43, utali wa thunthu pafupifupi 29. Shelefu wamba siikwana.

Kalondolondo:
Ngati simunasankhe, ganizirani ya 44 Squadron, gulu lomwe linkatchedwa la Rhodesia chifukwa ena mwa anthu ake ankachokera kumeneko. Ndi lomwe linayamba kulandira Lancaster, ku Waddington, kumapeto kwa 1941. Zilembo zake zinali KM. Yodziwika kwambiri ndi R5508, KM-B, yomwe John Nettleton wa ku South Africa anatsogolera nayo ulendo wokaphulitsa fakitale ya MAN ku Augsburg, ku Germany, pa 17 Epulo 1942, masanasana. Zinanyamuka 12, zinabwerako 5, ndipo Nettleton anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a Britain.

Kungoti mukasankha imeneyo, zonse zikhale za kale: mapulopela owonda, mphuno yosaya, mawindo onse, H2S palibe. Chizindikiro chozungulira cha pa thunthu chikhale chija cha mkombero wachikasu wotakata, chifukwa cha mkombero wowonda chinabwera pakati pa 1942. Madekalo ake, ndiye kuti zilembo ndi zizindikiro zomata pa ndege, mufunika kugula padera.

Mukafuna yomwe inakaphulitsa madamu ku Germany, ya 617 Squadron ya usiku wa pa 16 Meyi 1943, musayese kuisema kuchokera m'bokosi ili. Ija inalibe zitseko za mabomba, inalibe tareti (kachipinda ka mfuti) ya pamsana, ndipo pansi panali zogwirira bomba lozungulira la Barnes Wallis. Airfix ili ndi bokosi lakelake la imeneyo.

Mlongoti72:
Zikomo akulu. Ndikhala ndi madekalo a m'bokosi momwemo, ndege ya mu 1944, zilembo zofiira. Tsono m'kati ndilimbikire mpaka pati?

aGama_Zomba:
Limbikirani pomwe diso lifike basi. Galasi la pamwamba pa woyendetsa ndi lalikulu, ndiye mpando wake, chitsulo chotchinga kumbuyo kwa mutu wake chomwe chili ndi kadontho kachikasu kozungulira, bolodi ya mawotchi ndi tebulo la wolondola njira zimaoneka. Woyendetsa anali mmodzi, kumanzere. Kumanja kunali kampando kopinda ka injiniya. Wailesi ija ya mabatani ofiira, abuluu ndi achikasu ipenteni ndi nsonga ya chotokosera m'mano, madontho atatu anayi akwana. Kuchokera pa mtanda wa mapiko kupita kumchira, mukatseka thunthu simudzaonanso kalikonse. Pakani wobiriwira wotuwirako, Humbrol 78 kapena Tamiya XF-71, n'kupitirira. Chigawo cha kutsogolo pa ndege za mu 1944 chinali chakuda.

Chachikulu pa bokosi ili n'chakuti zidutswa zake zimalowana mothina kwambiri. Penti pang'ono chabe pamalo polumikizira, thunthu silitsekeka, ndipo mpata wa theka la milimita womwe wayambira pa pansi pa chipinda cha mabomba umakathera ku mapiko opendama. Ndiye mphepete monse momwe mudzadutse guluu muzipala ndi nsonga ya mpeni mpaka pulasitiki aoneke. Yesani kulowetsa popanda guluu kawiri katatu musanamate.

Pansi pa chipinda cha mabomba ndiye msana wa ndege yonse, ndipo mitanda iwiri ya mapiko imadutsa pomwepo n'kutulukira m'mbali. Iikeni pa galasi kapena pa thailosi yosalala, muone kuti yakhala mowongoka, muisiye usiku wonse. Ikapendama pano, palibe chokonza kutsogolo. Mbali ziwiri za thunthu zikakhala kuti zapindika pang'ono, zomwe zimachitika pa zidutswa zazitali chotere, musathire guluu paliponse nthawi imodzi. Yambani kumchira, masentimita 5, gwirani ndi tepi, dikirani mphindi 15, pitirirani. Guluu wake ndi wamadzimadzi uja, Tamiya Extra Thin: mumagundanitsa zidutswa kaye, n'kukhudza msoko ndi kaburashi, iye amayenda yekha. Finyani pang'ono mpaka kamzere ka pulasitiki wosungunuka katumphuke. Kameneko musakakhudze, kakauma mawa lake mukapala, msoko watha popanda putty, phala lotsekera mipata.

Mtovu wa kumphuno sufunika. Lancaster imakhalira tayala la kumchira.

NaChisale:
Ndiwonjezere pa misoko, chifukwa pa ndege yakuda ndi pomwe anthu amagwa. Msoko wa pamsana ndi wautali, ndipo guluu wamadzimadzi amapitiriza kuuma mkati kwa masiku. Mukapala tsiku lomwelo n'kupenta, pakatha sabata ziwiri kamzere kamatulukiranso pansi pa penti. Usiyeni masiku 4 kapena 5, panthawiyo muzimanga injini ndi matayala. Kenako sandipepala wa m'madzi, 400, 600, 1000, motsatana. Matani tepi mbali zonse ziwiri za msoko kuti musafufute mizere yoyandikana nayo. Mizere yomwe yafufutika muibwezere ndi singano, tepi yolimba ikhale rula yanu, kukanda mopepuka katatu m'malo mokanda mwamphamvu kamodzi.

Pomwe pali mpata weniweni, makamaka pomwe zikopa za injini zimakumana ndi kutsogolo kwa phiko, superglue wosakaniza ndi paudala wa ana amaposa putty chifukwa safota. Koma mupale pasanathe ola. Akagona amalimba kuposa pulasitiki, ndiye sandipepala amadya m'mbali n'kusiya chitunda pakati.

Wa_ku_Joni:
Achemwali anena bwino, koma superglue yemweyo asayandikire magalasi. Nthunzi yake imasiya zoyera mkati mwa galasi, ndipo m'tareti yotsekeka simungalowetsemo chala. Magalasi amamatidwa ndi guluu woyera wa matabwa uja wa akalipentala, kapena Micro Kristal Klear ngati muli naye. Akauma amaoneka ngati madzi, wotsala mumapukuta ndi thonje lonyowa.

Podula magalasi pa chimango musagwiritse ntchito chodulira zikhadabo pafupi ndi chidutswa. Pulasitiki woonekera ndi wofwamphuka, mng'alu umalowa mkati. Dulani kutali, mamilimita 3, kotsalako muchepetse ndi sandipepala. Mukakanda galasi mwangozi: 1000, 2000, kenako mankhwala otsukira mano pa kansalu kofewa, limabwerera.

Mlongoti72:
Magalasiwo ndi omwe akundiopsa. Tizenera ta pamwambapo ndi tambiri zedi. Ndipente mafelemu ndi dzanja?

NaChisale:
Ayi achimwene, pa 1/72 dzanja limanjenjemera ndipo felemu imatuluka yonenepa kawiri. Njira ndi ziwiri. Yophweka ndi kugula tepi yodulidwa kale ya Eduard ya bokosi limeneli. Pa Lancaster ndalama imeneyo siipweteka. Ikapanda kupezeka, tengani tepi yachikasu ya Tamiya, osati yoyera ya mu hadiweya chifukwa imasiya zomata ndipo penti amalowa pansi. Matani kachidutswa pa zenera limodzi, tsindirani m'mphepete mwa felemu ndi chotokosera m'mano mpaka mzere uoneke, dulani ndi lezala latsopano. Latsopano ndithu. Lobuntha limakoka tepi, inu mumawonjezera mphamvu, n'kutsetsereka pagalasi.

Ena amachita kawiri: kutseka kuti mafelemu opingasa okha aoneke, kupenta, kuchotsa, kenako oimirira. Zimatenga nthawi koma simudula pagalasi n'komwe.

Musaiwale: penti woyamba pa mafelemu ndi wa mtundu wa m'kati, wakuda, kenako wa kunja pamwamba pake. Mukayamba ndi wobiriwira, munthu akasuzumira amaona mafelemu obiriwira m'kati.

Matareti onse atatu, ya kumphuno ya mfuti ziwiri, ya pamsana ya ziwiri, ya kumchira ya zinayi, apenteni padera ndipo alowe pomalizira penipeni. Mabowo ake tsekani ndi siponji. Mipope ya mfuti zija ndi yopyapyala, ikakhalapo panthawi yopenta ithyoka basi.

Che_Burashi:
Funso lachiwiri lija, la chakuda. Lamulo ndi limodzi: musapake wakuda weniweni wa m'botolo. Humbrol 33 kapena XF-1 payekha amameza mizere yonse, ndege imaoneka ngati chikuni chopserera. Chinanso, mukayamba ndi wakuda bii mulibenso mtundu wina woti muonetsere mithunzi.

NaChisale:
Zoona. Penti yemwe a RAF, asilikali a m'ndege a ku Britain, ankamutcha Night sanali wakuda yekhayekha, munali buluu pang'ono. Kusakaniza komwe kumagwira: magawo awiri a XF-69 NATO Black, gawo limodzi la XF-1, ndi kadontho ka XF-17 Sea Blue. Kapena XF-85 Rubber Black payekha. Mukamaliza, tengani womwewo, onjezerani dontho limodzi la wotuwa pa madontho 10, sungunulani kwambiri, magawo atatu a thinala pa limodzi la penti, n'kupopera mwamawangamawanga pakati pa mapanelo. Kuchokera patali mita imodzi asaoneke kuti ndi mawanga, angooneka kuti chakudacho chili ndi moyo. XF-1 weniweni musungire m'mabowo a matayala ndi m'kamwa mwa ma radiator.

Koma tiyambe ndi dongosolo. Tsukani ndege ndi madzi a sopo wa mbale, iume. Primer, penti woyalira pansi, wotuwa, wopyapyala, kuti misoko yobisala iwonekere, konzani, poperaninso. Kenako Dark Earth pamwamba ponse, Dark Green pamwamba pake, wakuda pomaliza. Chowala chimayamba, chakuda chimatsiriza, chifukwa wakuda amaphimba zonse koma iye saphimbika msanga.

Manambala: Mr Hobby H72 ndi H73 ndi omwe ali pafupi kwambiri. Pa Tamiya, XF-81 ndi wobiriwira wabwino. XF-52 ngofiirira mopitirira, muthiremo XF-59 pang'ono. Pa Humbrol, 29 ndi Dark Earth.

Tamiya musungunule theka ndi theka ndi thinala wake X-20A, mphepo 15 mpaka 18 psi, airbrush italikire masentimita 8 mpaka 10. Mizere itatu yopyapyala, osati umodzi wonyowa. Pakati pa mtundu ndi mtundu, musanamate tepi, maola 24.

Che_Burashi:
Pa wobiriwira wa Humbrol mwadumphapo dala, achemwali. Mapepala a Airfix akhala akulemba 30 kwa zaka zambiri, koma 30 amapendekera ku buluu. Dark Green weniweni amapita ku mtundu wa azitona. 163 kapena 116 ndiye abwino.

Ndipo amene alibe airbrush asataye mtima powerenga izi. Lancaster imapenteka ndi burashi. Yafulati, yofewa, mamilimita 8 mpaka 10. Enamel mumutakase mphindi ziwiri zathunthu mpaka matope a pansi pa kachitini asungunuke, apo ayi amauma monyezimira ndiponso monata. Musungunuleni ndi white spirit mpaka akhale ngati mkaka. Ulendo woyamba umaoneka woipa, mizeremizere, pulasitiki akuonekera. Musabwererepo akadali wonyowa. Maola 6 osachepera, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba, wachitatu motsata mphepo. Tamiya ndiye sagwirizana ndi burashi, ulendo wachiwiri umanyamula woyamba.

Wa_ku_Joni:
Chenjezo kwa omwe ali kumudzi: thinasi wa mu hadiweya, uja wa penti wa galimoto, amasungunula pulasitiki. Ngwabwino kutsukira airbrush basi, osati kupaka ndi burashi pa ndege. X-20A akatha, Tamiya amalola isopropyl alcohol wa ku famase, ngakhale spiriti wofiirira uja, kungoti amauma msanga. Spiriti yemweyo musamuthire mu Vallejo, amaundana n'kutseka airbrush.

Poitanitsa katundu, zitini zopopera ndi enamel nthawi zambiri sizilolezedwa pa ndege chifukwa zimayaka. Odalira kutumiziridwa kuchokera kuno ku Joni kapena ku UK asankhe ma acrylic a madzi, kapena adikire wobwera pa basi.

Nyengo nayonso. Mu Okutobala penti amauma asanafike pa ndege, pamwamba pamakhala ngati mchenga, makamaka m'makona a pakati pa injini ndi thunthu pomwe mphepo imazungulira. Poperani m'mawa kusanatenthe, tsitsani mphepo, yandikirani, onjezerani dontho la retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma. Zikachitika, sandipepala wa 2000 wonyowa amasalaza. M'dzinja vuto ndi madzi: kompuresa imalavula timadontho, ndipo vanishi wosawala amachita zoyera. Kasefa ka madzi kakhale pafupi ndi airbrush, ndipo tsiku la mvula vanishi ayi. Fumbi, vindikirani ndege ndi beseni lapulasitiki mukangomaliza.

Mlongoti72:
Malire a wobiriwira ndi Dark Earth akhale akuthwa kapena ofewa? Zithunzi za anthu ena ndikuona zonse ziwiri.

aGama_Zomba:
Akuthwa. Werengani nokha: ngakhale penti atamwazika inchi imodzi pa ndege yeniyeni, pa 1/72 ndi gawo limodzi mwa atatu a milimita. Malire ofewa a mamilimita 3 omwe anthu amapopera ndi dzanja akutanthauza masentimita 20 pa ndege yeniyeni. Ku fakitale sizinkatuluka choncho.

NaChisale:
Masamuwo ndi oona bambo Gama, koma malire odula ndi tepi amaoneka owuma kwambiri, ndipo amasiya kachitunda ka penti komwe kamaonekera pansi pa dekalo. Pakatikati ndi Prestik, ena amati Blu Tack. Mumupote akhale tizingwe ta mamilimita 3, yalani motsata mapu a pa pepala la m'bokosi, mkatimo tsekani ndi tepi kapena pepala. Popopera airbrush iloze molunjika pansi, osati chammbali. Mukapendeka, penti amalowa pansi pa chingwe mbali imodzi, malire amatuluka kwina akuthwa kwina ofewa. Prestik asagone pa ndege kupitirira tsiku, m'nyengo yotentha amasiya mafuta. Wotsalira mumamuchotsa pomudinda ndi Prestik mnzake.

Malire a wakuda ndiye a tepi, owongoka, ndipo ali m'mwamba kwambiri pa thunthu, osati pakati. Zipsepse ziwiri za kumchira ndi zakuda mbali zonse, koma pamwamba pa mapiko a mchira pali mitundu iwiri ija. Tepi iliyonse muyambe mwaimata pa dzanja kawiri kuti ichepe mphamvu, ndipo pochotsa muikokere chambuyo mogona, osati m'mwamba.

aGama_Zomba:
Prestik wowonda, wotsindiridwa bwino, ndivomera. Wa mamilimita 6 ayi.

Kalondolondo:
Pa zithunzi mukuonerazo samalani. Lancaster zomwe zikuuluka lero ndi ziwiri, PA474 ya ku Coningsby ndi FM213 ya ku Hamilton ku Canada. Zonse zimasamalidwa, n'zaukhondo, penti wake ngwonyezimira, ndipo zina mwa zida zake si za nthawi ya nkhondo. PA474 inamangidwa mu 1945, sinaponyeko bomba. Nkhondo itatha inkajambula mapu kuchokera m'mwamba kum'mawa ndi kumwera kwa Africa ndi 82 Squadron, matareti atachotsedwa. Pa maonekedwe a zidutswa n'zothandiza, koma pa kutha kwa penti onani zithunzi za nthawi ya nkhondo. Ndege zambiri sizinkakhalitsa moti penti n'kusuluka. R5868 ya ku Hendon, ya maulendo 137, ndi imodzi mwa zochepa zomwe zinadutsa 100. Choncho musakokomeze zokanda ndi zosupuka. Chomwe pafupifupi zonse zinali nacho ndi utsi.

NaChisale:
Tisanafike ku utsi, madekalo. Dekalo pa penti wosawala imatsekera timphepo pansi, ndipo pa chakuda imaoneka ngati siliva, palibe pobisala. Ndiye vanishi wonyezimira kaye, X-22 ulendo uwiri, maola 48. Dekalo m'madzi ofunda masekondi 10 mpaka 15, itulutseni, idikire pa pepala mpaka iyambe kutsetsereka yokha. Micro Set, mankhwala ogwiritsa dekalo, pansi, yalani, finyani madzi ndi thonje la m'makutu kuchokera pakati kupita kunja, Micro Sol woifewetsa pamwamba. Ikachita makwinya musaikhudze, ndi momwe imagwirira ntchito. Pofika mawa yalowa m'mizere.

Zilembo zikuluzikulu za m'mbali, dulani kapepala koonekera ka pakati pa chilembo ndi chilembo. Kuti zikhale pa mzere umodzi, matani tepi pansi pake ikhale rula. Mizere yakuda yaitali ya pa mapiko, yosonyeza poyenda amakaniko, musaiyale yathunthu, imapotana. Iduleni masentimita 3 kapena 4. Pamwamba pa mapiko chizindikiro ndi cha buluu ndi chofiira chokha, pansi pa mapiko palibe. Siliva akaoneka, boolani ndi singano, thirani Micro Sol.

Vanishi wonyezimira kachiwiri, kenako kuthira m'mizere. Penti wa mafuta wa ojambula zithunzi, burnt umber, kanthongo kakang'ono mu white spirit. Pamwamba ameneyo; pa chakuda wotuwa wofiirira, chifukwa wakuda pa wakuda saoneka. Mphindi 20, pukutani ndi kansalu motsata mphepo. Amene wapenta ndi enamel asachite izi popanda vanishi wa acrylic pakati, white spirit adya penti.

Pomaliza vanishi wosawala, XF-86, koma asakhale wosawaliratu. Penti wakuda wa mwaye uja wa Special Night anamusiya mu 1942 chifukwa ankasupuka ndiponso ankachepetsa liwiro. Ndege ya 1944 inali yosalala, yowala pang'ono.

aGama_Zomba:
Utsi tsopano. Merlin iliyonse ili ndi ekizozi mbali zonse ziwiri, mipope 6 uku 6 uku, yobisika m'chophimba choletsa malawi kuoneka usiku. Munthu angaganize kuti pamwamba pa phiko lililonse pakhala mizere inayi. Ayi, yooneka bwino ndi itatu: iwiri ya injini ya m'kati, umodzi wa mbali ya m'kati ya injini ya kunja. Utsi wa mbali ya kunja kwenikweni umadutsa pansi, chifukwa chakunjako phiko limapita likukwera m'mwamba. Mukajambula inayi yofanana, odziwa amaona nthawi yomweyo.

Mizereyo siyowongoka ngati ya rula. Imayamba yowonda kuseri kwa ekizozi, imakwera kutsogolo kwa phiko, imatambasuka ndi kuzimiririka pofika kumbuyo. Iwiri ya pakati pa injini ziwirizo imapendekerana. Ya pafupi ndi thunthu imafika mpaka pa mapiko a mchira, mopepuka.

Mtundu si wakuda wokha. Mafuta ake anali ndi mtovu, ndipo pa ulendo wautali injiniya ankachepetsa mafuta, zomwe zinkasiya phulusa lotuwa loyererako. Ndiye ndi magawo atatu: wofiirira wakuda wotakata pansi, wakuda wocheperako mkati mwake, wotuwa wopita ku khaki wowonda pakati penipeni, wowala kwambiri pafupi ndi ekizozi. M'mbali mwa zikopa za injini, pa chakuda, wotuwayo ndiye amaoneka kwambiri.

NaChisale:
Pa airbrush: gawo limodzi la penti, 9 a thinala, mphepo 10 mpaka 12 psi, masentimita 2 kapena 3 kuchokera pa phiko. Wofiirira ndi XF-64 wosakaniza ndi XF-1. Wotuwa ndi XF-57 Buff ndi kadontho ka XF-19. Dzanja liyambe kuyenda musanakoke chala, nthawi zonse kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ulendo umodzi usaoneke. Mzere uzibwera pa ulendo wa 8 kapena 10. Mukaona penti akuchita miyendo ya kangaude, mwayandikira kwambiri kapena mwakoka chala mopitirira. Yesani kaye pa botolo lapulasitiki lopentedwa.

Utsi ubwere pambuyo pa madekalo, chifukwa umadutsa pamwamba pa mizere ya amakaniko ija.

Che_Burashi:
Opanda airbrush: choko cha pastel, osati cha mafuta. Palani pa sandipepala chikhale ufa, pakani ndi burashi yakale yodula ubweya, pa vanishi wosawala chifukwa pa wonyezimira sichigwira. Mukapopera vanishi pamwamba, wotuwa amazimirira pafupifupi theka, ndiye mubwereze kapena mumusiye wopanda vanishi n'kusagwirapo.

Mlongoti72:
Zamveka bwino kwambiri. Zotsala ndi zing'onozing'ono: mapulopela, matayala, mabomba, ndi mawaya.

Wa_ku_Joni:
Nsonga zachikasu za mapulopela zinali mainchi 4, pa 1/72 ndi milimita 1.4. Masamba ndi 12, ndiye dulani kakatoni kokhala ndi mulingo kuti onse afanane. Yambani ndi woyera, chikasu pamwamba, tsekani nsonga, kenako wakuda. Chikasu pa wakuda chimatuluka chobiriwira ngakhale mutapaka kasanu.

Matayala XF-85, osati wakuda bii, ndi fumbi la pastel pang'ono m'mbali. Ngati ali ndi mbali yophwatalala, musawamate kaye: imikani ndege pa galasi, tembenuzani tayala lililonse mpaka pophwatalala pagone pansi, ndiye mukhudze ndi guluu. Miyendo isiyeni usiku wonse ndege itagona chagada isanasenze kulemera.

Bomba lalikulu lija longa mgolo, la mapaundi 4,000, ndi lobiriwira, koma mabomba ankasungidwa panja, ndiye lichiteni mawanga ndi zokanda kuposa ndege yomwe. Zitseko za mabomba ngati mukuzisiya zotsegula zilowe pomaliza pamodzi ndi matareti.

aGama_Zomba:
Mawaya: tenthetsani kachidutswa ka chimango pamwamba pa kandulo, osati m'lawi, mukutembenuza mpaka kafewe, chotsani pamoto, kokani pang'onopang'ono. Mukakoka msanga umaduka, mukachedwa umanenepa. Boolani kabowo ka mamilimita 0.3 pa chipsepse chilichonse musanapente, waya alowe ndi kadontho ka superglue pa nsonga ya singano. Kumbali ya galasi gwiritsani guluu woyera. Waya akakhala wolendewera, yandikizani mutu wa machesi omwe mwangozimitsa, masentimita 2 pansi pake, amakungika yekha. Koma onani kaye chithunzi chanu, si ndege zonse za 1944 zinali nawo.

Tepi ya pa magalasi ichoke vanishi womaliza akangouma, ndipo muyambe mwadutsitsa lezala mopepuka m'mphepete, apo ayi imanyamula penti wa felemu. Penti wolowa pansi pa tepi mumupale ndi chotokosera m'mano chosongola, osati chitsulo.

Mlongoti72:
Nanga mipope ya mfuti, ndiipake siliva?

NaChisale:
Ayi. Wakuda wosawala, akauma mupake ufa wa pensulo ndi chala kapena thonje, kuwala kwa chitsulo kumabwera kokha. Zonse ndi 8, ndipo za kumchira zinayizo muziyang'ane kuchokera pamwamba ndi m'mbali guluu asanagwire kuti ziloze kumodzi.